Memole ya Laputopu ya Ababa

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Ulongwe tilipo, koma amayi miyendo ikuwavutabe.

Loweruka ndinapita nawo ku Liwonde kukaonetsa laputopu ya malemu ababa, poti ikuchedwa kuyaka. Wokonzayo anati kukubwera pulogalamu yatsopano yoyendetsera makompyuta, ndipo yathuyi siingakwanitse chifukwa memole yake ndi yochepa. Pulogalamu yakaleyi akuti opanga ake adzasiya kuisamalira.

Amayi anafunsa kuti memole n'chiyani. Iye anati, "Ndi pokumbukira pake, mayi."

"Iyayi, bambo," anatero amayi, "imeneyi siiiwala. Amuna anga akuimba kwaya ali momwemo, ngakhale kutsokomola kwawo."

Bamboyo anayesa kufotokoza kuti akunena zina, koma amayi anali atayamba kale kuikulunga m'chitenje. Anaifungatira mu minibasi njira yonse.

Chonde musafulumire kutigulira laputopu yatsopano. Mutitumizire kaye fulashi yabwino, tisungemo nyimbozo isanazimiretu. Ndikuchita mantha, achimwene. Dzulo ndinayesa kukumbukira mawu a ababa osaiyatsa, ndipo ndinalephera. Memole yochepayo ndi yanga.

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esinati