Masipanala a Bambo ndi Galimoto Yofiira

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Bondo lija lasiya kuvuta? Nanga chifuwa cha bambo? Ine thupi lili bwino, koma ntchito yanga ku galaja ili pachiswe.

Sabata yatha kunabwera galimoto yakalekale yofiira, ya mipando iwiri, zija zothamanga. Eni ake ndi dokotala wina wopuma pantchito, ndipo amaikonda ngati mwana. Anangofuna kuti tione chimene chikulira kumbuyo. Ine nditaiona mimba ili pafupi kukhudza pansi, ndinaimvera chisoni. Paja bambo anandiphunzitsa kuti galimoto yabwino ndi yoima mwamba, yosaopa maenje kapena matumba olemera. Ndiye ndinachotsa timabuloko tachitsulo timene ndinapeza pakati pa ekiselo ndi masipuling'i, n'kuwonjezera chitsulo china pa masipuling'iwo mbali iliyonse. Inaima njo, ine kumadzitama mumtima.

Dokotala atabwera anangogwira pakamwa. Kenaka anafunsa modekha ngati ndimaganiza kuti akufuna kunyamulira nkhuni. Kani timabuloko tija anaikitsa dala kuti galimoto izigwira msewu pokhota! Anzanga anaseka mpaka misozi. Ine ndinachita manyazi kwambiri, Amayi.

Abwana anati ndilongedze zanga. Ndinawachonderera kuti amene wakweza ndi amene atsitse, ndipo anandilola mpaka kutha kwa mwezi. Galimotoyo ikapanda kukhala mmene inalili, ntchito yatha. Koma ine sindibwera kumeneko nditanyamula chikwama ndi manyazi ayi.

Chitsulo ndinawonjezera chija ndachotsa kale, timabuloko ndatitola m'mulu wa zotaya n'kutipukuta. Vuto ndi manati. Ndi a muyezo wakale, ndipo masipanala a kuno sakwana bwino. Pomasula ndinachita kukakamiza, moti ena ndinawadya m'mbali. Ndikawabwerezanso choncho atheratu, ndipo otere sapezeka m'masitolo.

Pempho langa ndi limodzi. Masipanala a bambo aja, opachika kuseri kwa chitseko, amene salola ngakhale amalume kuwakhudza, ndi a muyezo womwewo. Chonde muwalankhulire mmene mumadziwira, atakhuta, wailesi itazimitsidwa. Akavomera, mupatse alamu aja ogwira ntchito pa basi yobwera kuno abwere nawo. Ndidzawabweza onse, opaka mafuta.

Akafunsa ntchito yake, musawabisire. Muwauze kuti mwana wawo akufuna kutsitsa galimoto. Ndikudziwa kuti adzakalipa, adzati tauni yandizunguza mutu. Akamaliza kukalipako muwauze kuti nati yoyamba ndidzaimanga mmene anandiphunzitsira iwo, pang'onopang'ono, ndi dzanja kaye. Mudzaona, adzapita okha kuseri kwa chitseko.

Mundiperekere moni kwa achemwali ndi ana, kwa amalume, ndi kwa azakhali. Bambo muwapatse moni pomaliza, masipanala atalowa kale m'thumba.

Ndine mwana wanu,
uja mumamuti Kagirizi