Makina Agwirizana, Ine Chiyao Chandithawa

Amayi, kumeneko kwacha bwanji? Kuno ku Kabwata, mu Lusaka, tilipo. Mvula yachedwa, pampopi madzi akutuluka m'mawa mokha, ndipo mango a mtengo munabzala uja mileme ikumaliza adakali awisi. Ba Saidi, telala wa ku Emmasdale, tinawaika mwezi watha. Mukakumana nawo muwalandire.

Nkhani yaikulu ndi ya Asiyatu, mdzukulu wanga amene munamusiya akukwawa. Wakhala kunja kwa dziko zaka zambiri, amalemba malangizo a makompyuta ena otchedwa a kwantamu. Musandifunse. Akuti ena amakhala mozizira kuposa firiji ya kubutchala, ndipo sanyamulika. Vuto linali lakuti kampani iliyonse inapanga makina omva chinenero chakechake. Ukalembera awa, awo samva, uyambirenso. Ndiye mwana anamangika pa kampani imodzi ngati mbuzi pachikhomo.

Tsopano opangawo, atakokanakokana, agwirizana chinenero chimodzi chapakati. Iye alemba kamodzi, zolembazo zilowa m'chapakaticho, makina alionse n'kuzitembenuzira m'chinenero chake. Choncho akuti atha kugwira ntchito ali konkuno ku Chelstone, n'kumatumiza pa intaneti. Akubwera mu Disembala, Amayi, ndi khanda lalikazi. Alipatsa dzina lanu.

Nditamva ndinaseka. Anthu a masukulu atulukira lero zimene ife tinkachita pamsika kalekale! Mtonga, Mlozi, Mbemba, tonse Chinyanja cha m'tauni, tomato n'kugulika. Inu munkachinyoza. Munkati, "Chinenero cha pamsika n'chogulira, si cholerera mwana."

Kuseka kunatha Asiyatu atandipempha pafoni kuti khandalo ndizililankhula Chiyao ndi kuliimbira monga munkachitira inu. Ndinavomera msanga, pakamwa panga mukupadziwa. Nditaika foni ndinayesa nyimbo ija munkaimba mukusoka. Mzere woyamba unabwera, wachiwiri zii. Ndinayesa kuwerenga manambala m'Chiyao, ndinaima pa zitatu. Ndinakhala pampando mpaka tiyi anazizira.

Asiyatu akuti makinawo sataya chinenero chawo. Chapakati chimathera pakhomo, m'kati amalankhula chawo. Ine chapakaticho ndinachilowetsa mpaka kuchipinda. Anzanga akanditcha Mnyasalandi ndinkachita manyazi, ndiye ndinkakuyankhani m'Chinyanja mwadala, inu n'kungondiyang'ana, singano ili m'kamwa. Ana anga ndinawalera ndi "shani" wa Chibemba ndi "bwela kuno" wa m'tauni. Palibe anandilanda. Ndinataya ndekha.

Dzulo ndinakwera minibasi kupita kwa Abiti Juma, mkazi wa malemu telala uja. Ndinawapepesa maliro, kenako ndinanena chimene ndadzera. Nkhalamba ya mano anayi ija inandiseka mpaka kutsokomola, akuti imvi zonsezi ndikufuna kuyamba giredi wani. Ndinameza, ine amene sindimeza za munthu. Avomera kuti ndizipita Lachinayi lililonse. Moni ndayamba kumukhoza, ndipo powerenga ndafika pa khumi.

Koma nyimbo yanu sakuidziwa, Amayi. Ndinawaimbira mzere uja kawiri, anapukusa mutu, akuti kwawo n'kutsidya lina. Amene ankaidziwa mu Lusaka muno munali inu nokha.

Disembala sali patali. Mwanayo akafika ndidzamuimbira mzere umodzi womwewo, mobwerezabwereza, mpaka agone. Mukapeza mpata, bwerani kutulo mundiuze wachiwiri. Ndikulonjeza kuti ulendo uno ndidzakuyankhani m'Chiyao, ngakhale chothyokathyoka.

Ndine mwana wanu wamakani uja, wokukondani mpaka lero,
Halima