Ndasiya mankhwala a shuga kuti ndinenepe, Falesi andilandirenso

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 46, ndimacheka matabwa ku Phiri la Dedza, ndipo ndinali pachikamwini kufupi ndi Kasina. Chaka chatha ndinayamba kuwonda, ludzu losatha, kukodza pafupipafupi. Mkazi wanga Falesi anaganiza kuti ndatenga kachilombo. "Zimene mwatola kuphiriko muzipita nazo kwanu," anatero, chikwama changa chili kale pakhonde.

Kuchipatala anandipeza ndi shuga, kachilombo ayi. Ndinamutumizira Falesi uthenga, iye akuti shuga ndi matenda a mabwana amimba, osati ocheka matabwa.

Ndamusowa, Aphungu. Ndasowa ngakhale kulongolola kwake tikamakumba mbatatesi kudimba. Lamulungu lililonse ndimakakhala pa benchi lakumbuyo kutchalitchi, kungoti ndimve mawu ake m'kwaya. Mwezi watha ndinasiya mapiritsi, n'kuyamba thobwa lothira shuga ndi mandasi, kuti masaya abwerere, andione monga ndinalili kale. Koma sindikunenepa. Maso akuchita chifunga, mapazi dzanzi. Nditani?

Y.K., Dedza

A Y.K.,

Pepani ndithu, kusowa munthu kumawawa. Koma apa mukuzima moto ndi palafini. Shuga akachuluka m'magazi, thupi limalephera kumugwiritsa ntchito, ndiye limayamba kudya mafuta ndi minofu yake. Thobwa lanulo ndi lomwe likukuwondetsani.

Mawa lomwe bwererani kuchipatala, mukaulule kuti munasiya mankhwala, akakupimeninso magazi, maso ndi mapazi. Shuga sasankha bwana. Kunenepa kumamuitana, inde, koma amatsatanso kumtundu ndi msinkhu. Satheratu, koma munthu amakalamba naye bwinobwino akamamwa mankhwala mosadumphitsa. Idyani mgaiwa pang'ono, ndiwo zamasamba zambiri ndi nyemba. Kuphiriko musagwire ntchito opanda nsapato, chifukwa kabala kakang'ono pa phazi ladzanzi kamakula musakudziwa.

Za a Falesi, benchi lakumbuyo silinamangepo banja. Tumani ankhoswe anu akakumane ndi a kuchikazi, mupemphe kuti mukayezetse limodzi, mayiwo akadzimvere okha kwa adokotala. Ndikuona kuti chinawalankhulitsa ndi mantha, ndipo mantha amatha munthu akamva zoona.

Koma chenjerani, chifunga chikuyambacho si chocheza nacho. Mukapitiriza thobwalo, tsiku limene a Falesi adzakutsegulireni chitseko mudzangowamva mawu, monga mukuwamvera m'kwayamo, nkhope yawo osaionanso.

Aphungu