Assucena Akufuna Kulira Amayi Ali Moyo

25 de Setembro, Moatize

Okondedwa achimwene a Lúcio,

Landirani moni wochokera kuno kufumbi la malasha. Muli bwanji inu, alamu a Dalila ndi ana? Nanga amayi akudzuka bwanji ndi mphepo ya ku Zóbuèko? Ine thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo.

Nkhani ndi ya mlongo wanu Assucena. Munamutumiza kuno kuti aphunzire kusoka, koma chimene waphunzira n'kuwerenga mabuku achikondi a pafoni. Onse ndi ofanana. Atsikana ambiri amawatsekera m'nyumba imodzi kuti alimbirane mwamuna mmodzi wachuma, dziko lonse likuonera pa televizawu, ndipo pamapeto mwamunayo amasankha amene walira kwambiri. Ndimawadziwa bwino, chifukwa pano papapelariya, sitolo ya mapepala imene ndimagwiramo ntchito, ndine ndimawaika m'mafoni a akazi a mabwana a kumgodi. Ndinapita ku univesidadi ku Beira kukaphunzira zamalamulo, lero ndikudyera zinyalala zimenezi. Sekani ngati mukufuna, akumudzi anaseka kale pamene ndinabwerako wopanda dipuloma.

Mwezi wathawu kunabwera anthu a ku Maputo kudzafuna atsikana a mpikisano wotere, weniweni. Wowatsogolera ndi bambo wina dzina lake Crispim, wonunkhira ngati sitolo ya sopo. Assucena anapita ine osadziwa, ndipo amutenga. Musaganize kuti amutengera nkhope. M'mabuku akewo wopambana amakhala wamasiye, ndiye iyenso anawauza kuti ndi wamasiye. Anati kwathu kunali ku Bagamoyo, a malasha anatisamutsa, amayi anamwalira kale ndipo mafupa awo anakumbidwa n'kukaikidwa ku Cateme. Achimwene, akunena amayi athu omwewo, amene mumadya nawo pakhomo panu.

Tsopano a ku Maputowo akufuna kumujambula akulira pamanda asanakwere ndege. Loweruka anakwera shapa, minibasi zathu zija, kupita ku Cateme, anazungulira pakati pa manda amene anasamutsidwa, mpaka anapeza ena opanda dzina. Wagula kale nsalu yakuda ndi maluwa apulasitiki. Kumandako analowa yekha osapempha eni mudzi, pobwera sanasambe, anangofikira kuthira mchere m'ndiwo zanga.

Ndinamufunsa ngati akudziwa kuti kulira munthu wamoyo n'kumuitanira imfa. Anandiseka, nati ine wophunzira ndikuopa zakumudzi. Inde, ndinawerenga mabuku aakulu kuposa ake, koma palibe limene linandiuza kuti ndikagwade pamanda a mayi wa eni ake n'kumatchula dzina la amayi anga. Amene wagona mmenemo ali ndi ana ake kwinakwake. Akadzaona, tidzawayankha chiyani? Komanso mukudziwa kuti pabaraka ya kumalire ija, pomwera mowa paja, televizawu sizima. Zóbuè yense adzaonera, ndipo amayi asanafike n'kutchalitchi komwe adzamva kuti mwana wawo wawaika m'manda.

Ndayesa zonse. Ndinamukalipira, ndinamubisira chiphaso chake, anachipeza. Ndinapita kwa Crispim kukamuuza kuti amayi ali moyo. Anandiyang'ana nsapato zanga, nati akulu ansanje ngati ine amakumana nawo paliponse pamene apita. Assucena atamva zimenezi anandiuza kuti changa chinandikanika, ndiye ndikufuna iyenso akalambire pamakina a fotokopiya. Anati akapambana adzawamangira amayi nyumba yanjerwa, ndipo adzamukhululukira. Ndinamuyankha kuti nyumba amamangira amoyo. Mwina ndinaonjeza mawu ena, pakamwa panga mumapadziwa. Kuyambira tsiku limenelo akugona kwa mnzake ndipo foni yanga sayankha.

Simunandionepo ndikupempha munthu. Nditachoka ku Beira ndinagona pakhonde la eni ake, koma sindinakulembereni. Lero ndikupempha. Mwini mbumba ndinu. Mawu anga amawaponda, koma anu sanawapondepo. Adzajambula Lachinayi likubwerali. Siyani mbatatesi m'munda, kwerani shapa, mufike tsikulo lisanakwane. Ngati amalume a Jossias angathe kuyenda, mubwere nawo. Musanditumizire mawu oti ndimulangize, mawu andithera. Ndikufuna inuyo, muime pakhomo, akuoneni.

Ku Maputo apite ngati akufuna, akalimbirane mwamuna wa dziko lonseyo, zimenezo ndasiya kuletsa. Koma apite amayi ali moyo. Mukapanda kubwera, ndikaima ndekha pamandapo n'kukuwa pamaso pa makamera awowo. Ndichita ndithu, ngakhale ndikudziwa kuti tsiku limenelo mng'ono wanga ndamutaya, ndipo ndi yekhayo amene ndili naye m'tauni muno.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana, kwa amalume ndi kwa azakhali. Amayi muwauze kuti tonse awiri tili bwino, Assucena akusoka. Kalatayi musawawerengere, ndipo musaisiye pamene ana angaitole. Za maliro awo asazimve.

Ndine mlongo wanu,
Hortência