Botolo la Padoko la Hamburg

Meppen,
12 Disembala, 2019.

Okondedwa Achemwali Roswitha,

Ndikhulupirira muli bwino ku Canada uko, inu ndi alamu. Musadabwe ndi zilembo zokongolazi, si zanga. Akulemba ndi Gisela, mnzanga wa nyumba yoyandikana nane uja. Zilembo zanga mukuzidziwa, ngati papalasa nkhuku, ndiye pano ng'ala ya m'maso yangowonjezera. Ndamuuza kuti alembe chilichonse chotuluka pakamwa panga, asakonze.

Kuno kukuzizira. Phukusi lanu linafika, zikomo. Juzi ya mwana wanga Torben ndaiika mukabati, pamwamba pa ya chaka chatha ija. Ayi, lemba choncho Gisela, ndikudziwa zomwe ndanena.

Loweruka lapitali ife amayi a kwaya tinapita ku Hamburg, ulendo wathu wa chaka ndi chaka uja. Tinakwera sitima yapamtunda ya m'mawa. Margit, woimba mawu apamwamba uja, anali atabisa kabotolo ka mowa waukali m'chikwama, ndiye pofika pakati panjira nyimbo sizinalinso za kutchalitchi. Kenako akuti, "Iwe Edeltraud, lero tikamuona bwana wako wa padoko. Muimbire foni atigulire nsomba, asatithawe ngati tili ndi mphere!"

Ine ndinati wapita kunja ndi ntchito.

Apa ndiyambe ndaima. Achemwali, Torben anandiuza kuti wapeza ntchito mu ofesi ya padoko, zimenezo ndi zoona, koma papita zaka zinayi. Nambala yake inasiya kugwira zaka ziwiri zapitazo. Makalata amabwerera. Ine ndinangopitiriza kunena za ofesi, kwa inu, kwa abusa, kwa aliyense. Chinthu ukachinena kambiri chimakhala ngati mpando wa m'nyumba, umangochidutsa.

Tinakwera boti kuzungulira doko. Zombo ndi zazikulu, basi. Tinakwera nsanja ya tchalitchi, anzanga akuti taonani uko, taonani uko, ine ndimangoona chifunga. Tinapita kumsika wa Khirisimasi. Gisela anagula makandulo, Margit nsapato zofiira zoti sangayende nazo. Ndiye Margit yemweyo akuti, "Mayi wamtundu wanji iwe, kufika mumzinda wa mwana osamugulira kanthu?" Ndinagula magolovesi achikopa, achimuna, okhala ndi ubweya mkati. Ndinawaika m'chikwama.

Madzulo tinakhala pamasitepe m'mbali mwa madzi, tikudya buledi wa nsomba, aliyense botolo lake la mowa, tikudikira nthawi yopita kumsewu wa magetsi ndi malo omwera mowa uja kukavina. Inu munachoka kalekale, mwina simukudziwa za masiku ano. Ukamaliza kumwa suponya botolo m'bini, umaliimika pambali, kuti anthu otola aja asamapise manja m'zinyalala. Iwo amakabweza kusitolo n'kupeza ya buledi. Ndi ulemu wake umenewo. Ine ndakhala ndikuimika mabotolo choncho zaka zonsezi, n'kumadziona ngati munthu wabwino.

Kunabwera bambo wina akukankha ngolo ya kusitolo, matumba ali mbwee. Ndevu, chipewa mpaka m'maso. Anatola apa, anatola apo, n'kufika pa ine. Akuti, "Mwamaliza nalo?"

Nkhope sindinaione bwino, zoona. Koma dzanja analitambasula pafupi penipeni, lopanda golovesi, losweka ndi chisanu. Chala cholozera chachifupi. Chija Torben anachidula ndi sowo ya bambo ake ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, inu munali kuno, munagwira thaulo.

Mowa unalimo theka. Ndinamupatsa botolo choncho. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana botolo. Akuti, "Zikomo, madamu."

Margit akuti, "Usapite patali achimwene, ife ndi kwaya ya ludzu, lero ulemera!" Onse anaseka. Nanenso ndinaseka. Ndinamva ndithu pakamwa panga pakuseka. Magolovesi anali pamiyendo panga, m'chikwama, dzanja langa lili pamwamba.

Ngolo inapita, gudumu limodzi likulira.

Tinapita kovina. Ndinavina nyimbo ziwiri, ina ndi bambo wina wa ku Bremen wonunkha anyezi. Ndinadya mbatata zokazinga. Ndinagona bwino kuhotela, mpaka Gisela anachita kundidzutsa. Ndi chimenechi ndikufuna kukufunsani, Achemwali, inu munapita patali ndi sukulu. Munthu amatero? Ndakhala ndikudikira kuti ndilire, osabwera. Ndimatsuka mbale, ndimathirira maluwa. Zili ngati mwendo ukachita dzanzi, umautsina, ukuona kuti ndi wako, koma ayi.

Ndinaganiza kuti wina akadzafunsa ndidzati maso angawa. Munthu wa ng'ala ndani angamuimbe mlandu?

Gisela wasiya kulemba. Lemba, iwe. Ukulira chiyani, mwana ndi wako? Lemba.

Achemwali, tinaima pang'ono. Khofi wazizira. Gisela wandiuza zinthu, ndipo ndamuuza kuti azilembe momwe wanenera.

Akuti iye anamuzindikira Torben asanafike n'komwe pa ife, pa kayendedwe, phewa limodzi lotsika ngati malemu bambo ake. Ngolo itapita, Gisela anati akukafuna chimbudzi, koma anamuthamangira. Anamugwira mkono n'kuti, "Torben, ndine mayi Gisela, usandinamize, ndinakusinthapo matewera ine." Torben akuti anaseka pang'ono. Akuti amapezeka pamasitepe pomwepo tsiku lililonse dzuwa likamalowa. Ndalama anakana. Ndiye akuti anati, "Chonde musawauze Amayi. Sanandizindikire, maso awo aja afika poipa. Bola choncho. Koma muwaperekeze kuchipatala, okha sangapite."

Ndiye Gisela wakhala chete masiku onsewa kusunga mawu a mwana, ine chete kusunga anga, mpanda umodzi pakati pathu, tikupatsana moni m'mawa uliwonse.

Sindikudziwa ngati Torben amakhulupiriradi zimenezo, kapena wangondipatsa pobisala. Anali choncho kuyambira ali wamng'ono. Tsiku la chala lija ankauza bambo ake kuti sizikupweteka.

Kulira sikunabwerebe. Koma ndamufunsa Gisela za sitima, akuti ilipo Loweruka, yofika kusanade. Akuti andiperekeza mpaka pamasitepe kenako akaima patali. Ndatenga magolovesi, ndatenga majuzi anu awiri. Kwaya ndiiuza Lamulungu, Margit akhale kutsogolo amve bwino.

Sindikudziwa ngati Torben akabwere nane. Mwina akakana. Ndaganiza zoti ndikanene, zambiri sindingathe, mukundidziwa. Ndikangoti, "Torben, maso anga ndi oipa, koma ndinakuona." Zikatero iye adziwe chochita nane.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Gisela akuti moni, akuti mukhululuke madontho papepalapa, si anga. Chaka chino musatumize kanthu. Mungolemba kakalata ka Torben, kachidule, koma osafunsa za ofesi. Adiresi ikani yanga. Bedi lake ndayala.

Ndine mng'ono wanu,
Edeltraud.