Terminal yadya zithunzi za ukwati

Achimwene,

Moni kuchokera kuno ku Glen Norah. Tonse tili bwino, amayi miyendo yasiyako kutupa.

Koma kompyuta munandisiyira ija yandichita chipongwe! Chiikireni inu mitundu yokongoletsa zilembo pa terminal paja, polembera malamulo ouza kompyuta zochita, ndikabweza lamulo lalitali lomwe ndinalemba kale kuti ndilikonze, zilembo zimakwerana. Dzulo ndinkakonza mzere wofufutira mafayilo. Pagalasi ndinaona dzina la foda ya zinyalala, ndinadina Enter. Achimwene, yomwe inapita ndi ya zithunzi za ukwati wa mlongo wathu Chisomo! Chinthu chionetse china, chichite china?

Chisomo akubwera Loweruka kudzazitenga, sindinamuuze. Ngati munasungako zithunzizo kumeneko, tumizani msanga chonde. Mitundu yanuyo ndachotsa, musandifunse.

Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Yohane