Shati Yapawindo

14 Meyi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira mwendo uja wayamba kupepuka. Kuno tili bwino, koma mtima wangawu ndi umene wandilembetsa kalata ino.

Kushopu kwathu ankafuna telala wina. Mwa anthu asanu amene anabwera Lolemba kudzayesedwa, mmodzi anali chitsirizira wanu, atavala diresi yabuluu, tsitsi ataluka bwino. Ndikudziwa inu mumati ndi mnyamata wanu. Kuno akukhala monga mkazi chaka chachitatu tsopano, ndipo sindinamuonepo ali womasuka chonchi.

Abwana anapatsa aliyense nsalu kuti asoke shati. Enawo makolala awo anali ngati makutu a galu. Yake inagona bwinobwino, mabowo a mabatani atawapeta pamanja monga munatiphunzitsira. Abwana anasangalala. "Muyambe mawa, mayi. Tapatseni chiphaso chanu." Atawerenga dzina lachimuna lija, nkhope inasintha.

"Ife timayeza anthu m'chiuno. Makasitomala adzati chiyani?" Kenaka anandicheukira. "Iwe, dzina la bambo n'lofanana ndi lako. Ukumudziwa?"

Amayi, ndinati, "Ayi bwana, maina amangofanana." Iye anaika sizasi patebulo, n'kuthokoza, n'kutuluka.

Shati ija abwana aipachika pawindo, ndipo anthu akuifuna. Andiuza kuti ndisoke zofanana nayo. Ndasoka n'kuphwasula katatu konse, kolala ikungondiseka. Dzulo masana ndinapita kwa amene anaisokayo, manyazi atandigwira. Anandithirira tiyi, n'kutenga kansalu kundionetsa mopindira. Nditayamba kupepesa anati, "Achemwali, imwani tiyi akuzizira. Mukanandivomera, bwenzi tonse awiri tili pakhomo." Ndinalira ngati mwana. Bola akananditukwana.

Mawa ndikawauza abwana kuti wosoka shatiyo ndinabadwa naye mimba imodzi. Akamutenga, chabwino. Akandichotsa, ndikupemphani makina anu akale aja, muwakweze basi, tidzasokera pakhonde.

Iye sakudziwa kuti ndakulemberani. Anangondifunsa ngati mumavalabe juzi imene anakulukirani. Mukamayankha, muikemo ngakhale mzere umodzi wa iye.

Mundiperekere moni kwa azakhali. Mng'ono wanga nayenso akupereka moni, ngati mungaulandire.

Ndine mwana wanu,
Wamkulu mwa ana anu aakazi awiri